Zitsa za a Sitefano ku Eiffel Flats

A Sitefano anabadwira m'komboni ya ku Eiffel Flats, ku Zimbabwe, m'nyumba imene akukhalamo mpaka lero, kungoti anaiwonjezera khonde ndi kakhitchini. Bambo awo anachokera ku Ntcheu wapansi, akufuna ntchito ya pansi pa mgodi imene inali ndi ndalama zooneka. Mzungu wolemba anthu atawayang'ana pachifuwa anati ndi owonda kwambiri, n'kuwatumiza kukasamala mitengo ya bulugamu imene mgodi unadzala kuti izichirikiza denga la pansipo. Anzawo ankawaseka kuti anayenda mtunda wonsewo kudzaweta mitengo. Oseka aja anatha onse ndi chifuwa cha fumbi imvi zisanamere. Oweta mitengowo anafa ndi ukalamba, akukangana ndi wailesi.

Mgodi utasiya kufuna mitengo, palibe anabwera kudzanena kuti kamunda kaja tsopano n'ka yani. Bambowo anangopitiriza kukasamala, ndipo atamwalira anasiyira mwana wawo nkhwangwa, sompho, chikwanje ndi lamulo limodzi limene ankalinena m'Chilapalapa cha kumgodi, loti ayikona bulala, kutanthauza kuti mtengo udule koma chitsa usaphe. Pepala la malo sanasiye, chifukwa analibe. A Sitefano nawo chitupa chawo chinakhala zaka zambiri chili ndi chizindikiro cha mlendo, ngakhale ku Malawi sanapondeko phazi. Anthu otero amakula ndi khalidwe lawolawo. Munthu wovala taye akafunsa kuti malo awa nga yani, iwo amavula chipewa n'kuyang'ana kumbali ngati mwini wake angochokapo kumene.

Unyamata wawo wonse a Sitefano anaudyera kufakitale ya nsalu ku Kadoma, zitsa n'kumaziyendera Loweruka. Fakitale itatseka, anzawo ena anapita kukakumba golide ku Muzvezve, ena anayamba ubusa. A Sitefano anatola nkhwangwa.

Kagwiridwe kawo ka ntchito n'kosavuta kufotokoza, koma anthu ophunzira kamawazunguza mutu. Kamundako anakagawa ndime zisanu ndi ziwiri, iliyonse ya zitsa ngati makumi anayi. Chaka chilichonse mu Ogasiti amadula ndime imodzi yokha, yonse psiti. Amadula mopendeketsa, kusiya chitsa chotalika ngati chikhatho, kuti madzi a mvula azitsetsereka osaoletsa mtima wa mtengo. Pakapita milungu ingapo chitsa chimatulutsa mphukira zofiira mbwee. Zikakwana chaka amazipatulira n'kusiya zitatu zowongoka, ndipo zopatulidwazo, zikadali zofewa, ndiye zolukira. Zina zochepa amazisiyako mpaka zaka ziwiri, zimakhala zochirikizira tomato. Zitatu zija zimadikira mpaka nkhwangwa itazungulira ndime zonse n'kubwereranso, zili nsichi ndi mizati. Zitsa zina m'menemo zadulidwa kakhumi, n'zazikulu ngati tebulo la m'nyumba, koma zimaphukabe.

Pakhomo pawo pamanunkhira makungwa aawisi chaka chonse. Amasenda mitengo ikadali yaiwisi, yofunika kupinda amaiwamba pamoto n'kuikhotetsa pabondo, yolowa pansi amaiwaula kumunsi n'kuipaka oyilo wakuda wa galimoto kuti chiswe chinyansidwe. Misomali amaiona ngati ulesi. Amaboola, amakhoma zikhomo zamtengo, amamanga ndi luzi kapena mphira ya matayala akutha. Zimene zimatuluka pamenepo ndi mipanda yoluka, mathandala oyangapo magalagadeya, zitseko za m'dimba, makola a nkhuku ndi tizisakasa tokhalamo masana.

Kwa zaka zambiri ogula anali amayi a ku Ingezi ndi a m'kombonimo, anthu ofuna kuti nkhuku za mnzawo zisalowe m'ndiwo. Akazi awo a Sitefano, a Esime, amene amayimba kwaya ya amayi ndipo amadziwa mpanda wa simenti wa munthu aliyense mumpingo, ankachita nazo manyazi. Ankati pakhomo pawo pamaoneka ngati pamsasa wa anthu otola thonje. Kenaka dziko linatembenuka. Mwana wawo Rumbi, amene amagulitsa m'sitolo ku Chegutu, anajambula mpanda wina n'kuuika pafoni, ndipo anayamba kubwera amayi a magalimoto aatali, anthu amene anavutika moyo wonse kuthawa nyumba za mitengo. Tsopano ankafuna mitengoyo kumbuyo kwa mpanda wa simenti, pambali pa dziwe losambiramo. Mmodzi anabweza chitseko chifukwa chinali chowongoka kwambiri, ati sichikuoneka chakumudzi. A Sitefano anapita nacho kuseri, n'kuchotsa mtengo umodzi wabwino n'kuikapo wokhota umene anasungira nkhuni, ndipo mayiyo anawomba m'manja. Kuyambira pamenepo a Esime anasiya kunena za msasa wa thonje, anayamba kuuza anzawo kuti bambo a Rumbi amagwira ntchito ndi malo ogona alendo.

Zinthu zikanapitirira chomwecho pakadapanda Horace. Ameneyu anali mwana wa m'komboni momwemo, koma analemera ndi kugula golide kwa makorokoza, anyamata okumba m'maenje, ndipo mimba itakula anayamba kulota za ukhansala. Agogo ake anachokera ku Mulanje, aliyense ankadziwa, koma iye Chichewa ankachimva pokhapokha wina akamunena. Munthu wina anamutsina khutu kuti masiku ano wofuna mavoti ndi thandizo la makampani azikonda chilengedwe. Mwezi usanathe anali wapampando wa komiti yobiriwitsa dera, imene mamembala ake anali mlamu wake, dalaivala wake ndi amayi awiri a zipewa. Anapezanso kampani ina yolonjeza mbande ndi masikipa. Chimene chinkasowa ndi malo ooneka omvetsa chisoni oti ajambulepo zithunzi za tsiku lodzala mitengo mu Disembala.

Anawapeza mu Seputembala, a Sitefano atangomaliza kudula ndime yachitatu. Horace anatsika m'galimoto, anaima pakati pa zitsa zoyera manja ali m'chiuno, n'kupukusa mutu nthawi yaitali kuti dalaivala ajambule bwino. Anafunsa m'Chishona kuti malowa nga yani. A Sitefano anavula chipewa n'kunena kuti anali a mgodi. Anafunsa kuti wadula ndani. Iwo anavomera kuti ndi iwo, n'kuyamba kufotokoza kuti zitsazo n'zamoyo, kuti akabweranso pakatha mwezi apeza zaphuka. Koma anafotokoza monga amafotokozera anthu a mtundu wawo kwa munthu wa taye, mawu ali pansi, chiganizo chilichonse chikuyamba ndi pepani. Horace anawasisita paphewa n'kuwauza kuti asaope, komiti sinabwere kudzamanga munthu koma kudzaphunzitsa.

Rumbi atamva anapsa mtima. Anabwera Lamlungu pa kombi n'kuwakalipira bambo ake m'Chishona, iwo akuyankha m'Chichewa, monga amakanganirana nthawi zonse. Anati apite kukhonsolo, anene kuti malowo akhala m'manja mwa banja lawo zaka makumi asanu ndi awiri. A Sitefano anafunsa kuti akafunsidwa pepala akaonetsa chiyani, zipsera za m'manja? Anati munthu wopanda pepala akapita kuofesi kukadandaula za ndime imodzi amabwerako atataya zonse zisanu ndi ziwiri. A Esime anagwirizana ndi amuna awo, makamaka chifukwa anali atamva kuti kwaya yawo ndiyo idzayimbe pamwambowo.

Chimakina chokumbira chimene Horace ankabwereketsa kwa makorokoza chinafika mu Novembala. Apa n'kuti mphukira zitafika m'mawondo, zofiira, zonyezimira. Woyendetsa makinawo anazengereza, anafunsa ngati bwana akutanthauza pomwe pali timitengo tamoyopa. Mlamu wa Horace anati limenelo ndi tchire chabe. Masiku awiri chimakinacho chinazula zitsa makumi anayi ndi chimodzi. Mizu ina inali yaitali kuposa galimoto, ndipo inkalira potuluka. A Sitefano anaima chapatali, akuonerera. Zinawawawa kuposa tsiku limene fakitale inatseka, chifukwa fakitale sinali ya bambo awo.

Tsiku lachitatu Horace anabwera pakhomo ndi nkhope yachifundo. Anati komiti yaganiza zowathandiza Sekuru, ndiye kuti agogo m'Chishona, monga ankawatchulira, kuti aone kuti mtengo uli ndi phindu ngakhale osauwononga. Ankafuna timipanda toluka makumi asanu ndi limodzi totetezera mbande ku mbuzi, ndi chipata chachikulu chopindika pamwamba choti mlendo wolemekezeka adzadutsepo. A Sitefano anayang'ana munthuyo kuti aone ngati akuseka. Sankaseka. Sanafunse ngakhale pang'ono kuti mitengo yolukira zonsezo ichokera kuti.

A Sitefano anaigwira ntchitoyo, ndipo anaigwira bwino, chifukwa manja awo sadziwa kunyanyala. Chipatacho chinali chokongola moti mlendo wolemekezeka, mkulu wina wa kampani ija, anadutsapo kawiri kuti amujambule mbali zonse. Kwaya inayimba, a Esime ali kutsogolo. Horace analankhula ola lathunthu za mapapo a dziko lapansi. Kenaka anaitana a Sitefano kutsogolo, anawaveka sikipa yobiriwira pamwamba pa jekete, n'kuuza anthu kuti uyu ndi mkulu amene dzulo anali mdani wa mitengo koma lero waona kuwala. Anthu anawomba m'manja, ena mwa iwo tomato wawo ali chiimire pa mitengo ya mdaniyo. Atawapatsa mbande kuti adzale, a Sitefano anaitembenuza n'kununkhiza tsamba. Inali bulugamu.

Mvula inadula mu Januwale kwa milungu itatu. Komiti inali itagawana masikipa koma sinagawane zothirira. A Sitefano, amene mtima wawo sulola kuona mtengo ukufa ngakhale wa mdani, ananyamula madzi pa wilibala masiku angapo, koma nthaka yotembenuzidwa ndi makina inali itadzutsa chiswe, ndipo chiswe ndi mbande ya bulugamu n'chimodzimodzi mwana ndi shuga. Pofika Epulo panatsala mbande zinayi, pofika Juni panalibe. Timipanda tija amayi a m'komboni anatitola kukavundikira anapiye. Chinatsala ndi chikwangwani cha dzina la komiti, chitaima pakati pa dothi lofiira.

Ogasiti atayandikira a Sitefano anagwira njakata. Ndime yachinayi inali itakhwima, ndipo anthu atatu anali akudikira tizisakasa. Koma dalaivala wa Horace anali atawauza kale kuti komiti ikufuna malo ena opanda mitengo oti idzadzalepo chaka chino. Akadula, malo opanda mitengowo ndi amenewo. Akapanda kudula, pakhomo sadza, nsima ya kuno, ivuta. Anakhala masiku angapo akuzungulira ndimeyo ngati munthu wotaya singano, mpaka tsiku lina ataona nkhuku ya mnzawo ili m'kampanda kaja nzeru inawabwerera.

Anadula ndime yonse monga mwa nthawi zonse. Kenaka kwa milungu iwiri analuka timipanda tatsopano, totakata, tothithikana kumunsi moti diso silingalowe, n'kuvundikira chitsa chilichonse. Anaganiza kuti munthu wa komiti akaona kampanda amadziwa kuti m'katimo muli chinthu cholemekezeka, ndipo sanalakwitse. Mlamu wa Horace anadutsa kawiri pamsewu osaima. Mphukira zinatuluka, zinasuzumira pamwamba pa timipanda, ndipo mvula yoyamba itagwa zinathamanga mpaka kufika m'chifuwa. A Sitefano ananyada nazo nzeru zawozo. Anauza a Esime kuti kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo apusitsa boma, ngakhale Horace sanali boma.

Sabata yomaliza ya Novembala galimoto ija inaima pamsewu. Horace anatsika yekha, wopanda wojambula, nkhope itagwa. A kampani anali atamuimbira kuti asanapereke thandizo lina akufuna kudzaona mmene mitengo ya chaka chatha yakulira. Anaima pa chikwangwani chake, anayang'ana dothi lofiira, anapukuta thukuta. Potembenuka anaona mizere ya timipanda chapotero, masamba ali gwedegwede ndi mphepo. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa kampanda koyamba, a Sitefano akumutsatira chipewa chili m'manja. Anawerama, anakankha masamba, n'kusuzumira m'kati. Chitsa chinali pomwepo, chachikulu, chodulidwa mopendeketsa. Anasuzumira kachiwiri, kachitatu. Ataweramuka anawayang'ana a Sitefano m'maso, ndipo analankhula Chichewa chosalala ngati cha agogo ake.

"Agogo, mitengo yathu ija yakulatu bwino."

A Sitefano anamva bwino lomwe chimene akufunsidwa. Akanena kuti izi ndi zitsa za bambo anga, Horace achita manyazi pamaso pa kampani, ndipo munthu wamanyazi amene ali ndi chimakina chokumbira sachedwa kuchitumiza. Akavomera, zitsa zikhala. Anayang'ana mphukira zija, zitatu pa chitsa chimodzi zitawongoka kale ngati zikudziwa ntchito yake. 

"Yakula, bwana," anatero.

Mawa lake anyamata anazula chikwangwani chija n'kuchikhoma pa ndime yachinayi. A kampani atabwera anazungulira ndime yonse akuyamikira. Mayi wina wa magalasi anati wayendera madera ambiri koma sanaonepo mbande zokula chotere m'chaka chimodzi, ndipo anafunsa chinsinsi chake. Horace anati n'chikondi basi, ndi kugwirira ntchito limodzi ndi anthu a m'dera. Mayiyo analemba zimenezo m'kabuku. Anayang'ananso ndime zina zisanu, zazitali mosiyanasiyana ngati masitepe, n'kunena kuti nkhalango yokongola chotere siyenera kusiyidwa pambalambanda, anthu odula mitengo angaimalize. Kampani inalonjeza waya pomwepo.

Wayayo anabwera msanga kuposa chinthu chilichonse chimene chinalonjezedwapo ku Eiffel Flats. Anazungulira ndime zonse, ndi chipata chachitsulo, ndi chikwangwani china cholembedwa m'zilankhulo ziwiri kuti kudula mtengo uliwonse muno n'koletsedwa. Malowo anawatcha paki, dzina la Horace lili pamwamba. Pamwambo wotsegulira analengeza kuti komiti, posonyeza kuti siisunga mangawa, yasankha Sekuru Sitefano kukhala woyang'anira. Anawapatsa kiyi wa chipata, wenzulo ndi chovala chonyezimira. Za malipiro anati zikambidwa komiti ikadzakhala pansi, ndipo komitiyo ikadali chiimire.

Rumbi anati bambo ake anadzimangirira okha ndi luzi lawo lomwe. A Esime anati koma udindo ndi udindo, ndipo amachapa chovala chonyezimiracho Lachisanu lililonse. Horace anapambana pa chisankho cha m'chipani chake, zithunzi za mphukira zija zili pa mapepala ake onse.

A Sitefano amapitako m'mawa uliwonse. Amatsegula chipata, amatola mapepala, amathamangitsa mbuzi. Zitsa zonse zili moyo, palibe chimakina chingazikhudze tsopano, ndipo akaganiza zimenezo mtima umakhala pansi pang'ono. Koma ndime yachinayi sinapatulidwe. Pa chitsa chimodzi pali mphukira makumi awiri zolimbirana dzuwa, zoonda, zokhotakhota, zosathandiza ngakhale kuchirikiza nyemba. Yachisanu inapitirira nthawi yake, mitengo ikunenepa kupyola muyeso wa nsichi. Akamadutsa amaigwira ndi dzanja n'kumayeza m'mutu kuti uwu ukanakhala mzati, uwu ukanapindika bwino pa chipata. Tsiku lina anapezeka atathyola kamphukira kamodzi ndi zala, mwachizolowezi, ndipo anayang'ana uku ndi uku ngati wakuba asanakabise m'thumba.

Pakhomo fungo la makungwa linatha. Anayesa kugula mitengo ya pamsika ku Kadoma, koma ndi youma, ikafika pabondo imathyoka m'malo mopindika. Ogula anayamba kuchepa mmodzimmodzi, ena anapeza anyamata a m'mbali mwa msewu wa ku Chegutu amene amakhoma zinthu ndi misomali tsiku limodzi.

Mu Ogasiti wa chaka chino, mwezi wodula, foni yawo inalira ali m'kati mwa paki. Anali bambo wina amene akumanga malo a maukwati kufupi ndi Chegutu. Anati waona ntchito yawo kwa mnzake, akufuna tizisakasa khumi, mpanda woluka kuzungulira dimba lonse ndi chipata cha akwati, ndipo za mari, ndiye kuti ndalama, asadandaule. A Sitefano anamvetsera mpaka munthuyo anamaliza. Anali ataima mumthunzi wa ndime yachisanu, mitengo yowongoka ikulirira mphepo pamwamba pawo, yokwanira ntchito yonseyo n'kutsalako.

"Pepani bambo," anatero. "Mitengo ndilibe."